Kadziwotche ndi Koloboyi

Ine si munthu woyendayenda. Ulendo uno usanachitike, kutali kumene ndinafikako chibadwire changa ndi ku Lilongwe, nakonso ndinapita chifukwa cha matenda a malemu amuna anga. Ulendo uno ndaulemba kuti amayi anzanga akumpingo, amene anandipempherera ndisananyamuke, adziwe kumene mapemphero awo anandifikitsa. Ambuye anandisunga popita ndi pobwera, ndipo ndikuwathokoza.

Ndinkaperekeza mpongozi wanga Eneresi. Makolo ake ndi a ku Phalombe, koma anakhalitsa pa esiteti ina ya fodya ku Msakambewa ngati matenanti, ndipo n'kumeneko anakumana ndi mwana wanga Lonjezo. Makolowo anabwerera kwawo, ana awiriwo n'kupita ku Mwanza, kumene Lonjezo amayendetsa njinga yamoto ya kabaza kumalire. Eneresi atatenga pakati, Lonjezo anamukweza basi kuti adzakhale ndi ine kumudzi, kumtunda kwa boma la Ntchisi. Iye mwini sanabwere. Ndinali nditatha zaka osamuona, kungomumva pafoni akuseka.

Tsiku lina mtsikana wa pakhomo loyandikana nalo anabwera ndi foni kuti tione zimene anthu akutumizirana. Tinaona thiraki ikuyaka pamsewu, anthu ataima patali, kenako munthu wina ataphimba mutu ndi jekete akuthamangira m'motomo n'kutuluka akukoka dalaivala. Nkhope sinkaoneka, koma anthu ankakuwa dzina loti Kadziwotche, limene Lonjezo amadziwika nalo. Titamuimbira anati wangopsa pang'ono, nkhani yaing'ono, n'chifukwa chake sanatiuze. Aka sikanali koyamba. Analowapo mumtsinje wodzaza kukatenga mwana wa eni, anathamangitsapo akuba okhala ndi zikwanje amene analanda chikwama cha mlendo.

Eneresi sanalire. Mawa lake anapinda zovala zake, n'kubwera kudzagwada pafupi ndi ine. Anati akupempha kupita kwa mayi ake ku Phalombe, ndipo sakudziwa ngati adzabwerere. Anati, "Amayi, mwandisunga bwino. Koma ndatopa kuphunzira umasiye mwamuna ali moyo."

Mwana wa eni sumukaniza kwawo, komanso mpongozi woyembekezera sumutaya pamsewu yekha. Ndinafunsa odziwa njira, anandiuza kuti msewu wa ku Phalombe ndi wa ku Mwanza ndi umodzi mpaka pa Zalewa, pamenepo m'pamene umagawikana. Ndinauza Lonjezo kuti akatidikire pamenepo. Ndinamanga mitolo iwiri ya mtedza ndi nyemba, wina wa asewere anga a ku Phalombe, wina wa mwana wanga. Ndinaganiza kuti ine ndikatsikira pa Zalewa n'kupita naye ku Mwanza, ndipo pemphero langa linali lakuti Eneresi akamuona mwamuna wake, atsike nafe.

Dzina lija ndilifotokoze. Kadziwotche ndi kachilombo kaja kamazungulira nyali mpaka kulowa m'moto. Lonjezo ali wamng'ono, pamsika wa kwathu panali kanyumba ka vidiyo, ndipo ankaonetsamo filimu ya zithunzi zojambula, zija amati makatuni, yokhala ndi munthu womasulira m'Chichewa. Womasulirayo ndiye ankamutcha mnyamata wa m'filimuyo Kadziwotche. Lonjezo ankangokhalira komweko, akabwera n'kumalumpha kuchoka pankhokwe atamanga nsalu yanga pakhosi. Anzake anamupatsa dzinalo, silinachokenso. Ine m'kanyumbamo sindinalowemo ndi tsiku limodzi. Ndinkaima panja pafupi ndi sipika n'kumatuma ana kuti amuitane. Mawu a m'filimuyo ndinkawadziwa, koma nkhope ya amene anandilanda dzina la mwana wanga ndinali ndisanaione.

Tinanyamuka m'mamawa, mvula itagwa dzulo lake. Msewu wa kwathu unali phala lokhalokha. Anyamata a njinga zamoto anabwera kudzatinyengerera, koma Eneresi anakanitsitsa, anati phokoso lake lokha limamudwalitsa mtima. Anatithandiza ndi a Chimphepo, oyandikana nawo munda, amene ankapita kuboma ndi ngolo kukatenga feteleza. Potsetsereka ng'ombe zinkaterereka, ife n'kumagwira m'mbali mwa ngolo, ine n'kumaimba nyimbo ya mapemphero chapansipansi. Pamalo ena tayala linamira, ndipo tinatsika kukaima pachulu mpaka anthu opita kumunda atabwera kudzakankha.

Paboma tinapeza minibasi yooneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Tinalowa mosangalala, koma anthu akamabwera, ena amene tinawapezamo n'kumatsika mmodzimmodzi. Eneresi anandinong'oneza kuti amenewo ndi ongokhalamo kuti tikopeke. Tinakhala mpaka dzuwa kutentha. Kondakitala anati mtengo wakwera chifukwa cha mafuta, ndiponso mitolo yanga ilipire ngati munthu. Ndinamufunsa ngati mtedza umakhala pampando, anaseka n'kundichotserako pang'ono.

Pa Mponela tinasintha galimoto. Tikudutsa pa Mtengowanthenga ndinamuonetsa Eneresi njira yolowera kuchipatala, n'kumuuza kuti mwamuna wake anabadwira kumeneko, nthawi imene tinkakhala kwawo kwa amuna anga ku Dowa. Ndinamuuza kuti anabadwa mofulumira, anamwino asanamalize n'kusamba m'manja komwe. Ndinkayembekeza kuti aseka. Anangoti eya amayi, maso ali pawindo. Tinakagona kwa mng'ono wanga ku Kawale.

M'mawa mwake kudepoti kunali chipwirikiti. Oitanira anatilanda mitolo, wina kukokera uku wina uko, mpaka Eneresi anawakalipira ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Tinakwera basi yaikulu ya ku Blantyre, yakale koma ya mipando yofewa, yokhala ndi kanema kutsogolo pamwamba pa dalaivala. Podikira kuti idzaze analowa mlaliki n'kutipempherera, ndipo ine ndinavomera ameni ndi mtima wonse. Mbali inayo ya kanjira kunakhala mayi wina wonenepa wogulitsa kaunjika, dzina lake Nambewe, amene anayamba kucheza nane tisanakhale n'komwe. Kutsogolo kwathu kunali abambo ena achikulire ovala chipewa, opita ku Lunzu kukaona mwana wawo.

Titadutsa Nathenje kondakitala anayatsa kanema. Ine ndinali kusinza. Chimene chinandidzutsa ndi mawu, omwe aja ndinkawamva pasipika pamsika wa kwathu, akukuwa kuti Kadziwotche wadzuka, adani konzekani. Ndinadzidzimuka ngati andiitanira mwana. Ndinayang'ana Eneresi, iyenso anali atamva.

Ndiye ameneyu. Kamnyamata kojambula, koonda, maso aakulu ngati mbale, nsalu yofiira pakhosi. Kanamva kukuwa kutali, kanalumphira pawindo osadutsa n'pakhomo pomwe, kanathamanga pamadenga a anthu matailosi akugwa, kukalowa m'nyumba yaitali yoyaka moto. Kanatulutsa mwana, kanabwereranso kukatenga nkhalamba, kanabwereranso kachitatu chifukwa cha galu. Kenako kunabwera chinthu chachikulu chachitsulo, kamnyamatako kanachiputa dala, ndipo pomenyana anagumula msika wonse. Ndinadziwa kuti ndi zojambula, koma ndinapezeka ndagwira mpando wakutsogolo.

Pa Chimbiya basi inaima kuti anthu agule nyama yootcha. Dalaivala anazimitsa injini, kanema n'kuzima. Poyambiranso ulendo, filimu inayambira pachiyambi. Anthu anadandaula, kondakitala anati kamakina kake n'kakale, magetsi akaduka sikakumbukira pamene kanalekera, ndipo chosinthira chinasowa kalekale. Pa rodibuloko ya ku Dedza zinateronso. Titadutsa Bembeke injini inayamba kutentha, ndipo tinkaima kawirikawiri kuti athire madzi. Nthawi iliyonse Kadziwotche ankadzukanso, kulumphanso pawindo, kulowanso m'moto womwe uja. Anthu anafika poyankhula limodzi ndi womasulira uja. Nambewe anati galu ameneyu wapulumutsidwa kokwanira lero, akanangomusiya.

Tisanafike pa Lizulu tinamva kuphulika pansi, basi n'kuima m'mbali mwa msewu. Anati lamba wa injini waduka. Kondakitala anakwera kabaza kupita ku Ntcheu kukafuna wina, ife n'kutsika kukakhala pansi pa mitengo. Kunkawomba kamphepo kozizira kochokera kumapiri, ngati ka kwathu. Amayi ogulitsa anatiwona patali n'kubwera ndi mabeseni a mbatata ya kachewere, tomato ndi chimanga chootcha. Ndinayala chitenje kuti Eneresi atambasule miyendo, chifukwa inali itatupa. Ndinaimbira Lonjezo kumuuza kuti tichedwa. Anati ali pa Zalewa kuyambira m'mawa, sachoka.

Pamenepo m'pamene mkangano unayamba. Abambo achipewa aja anati mafilimu oterewa ndiwo akuwononga ana. Anati kamnyamata kaja si ngwazi, n'chitsiru chofuna kuwomberedwa m'manja. Kupulumutsa galu mmodzi, kugumula msika wa anthu ambirimbiri, nanga amayi ogulitsa tomato mumsikamo mawa adya chiyani? Anati munthu wokonda anzake amayamba waganiza, ndipo wosaopa imfa yake saopanso ya mnzake.

Nambewe sanalole. Anati abambo inu mukuyankhula chonchi chifukwa simunapanikizikepo m'galimoto. Anafotokoza kuti mlongo wake anachita ngozi ya minibasi, anthu anadzaza pamalopo, aliyense foni m'manja kujambula, wopita kukakoka chitseko panalibe. Onsewo ankaganiza, anatero, ndipo mlongo wake anafa anthu akuganiza. Tsiku limenelo akanasangalala kukhala ndi chitsiru chimodzi.

Abambowo anati imeneyo ndi nkhani ina. Nambewe anati ndi yomweyo. Ena analowererapo, wina kumbali iyi wina kumbali iyo, mpaka Nambewe anatembenukira kwa ine kuti amayi a mapemphero atiweruze.

Ndinawauza kuti sindingaweruze, chifukwa ndinabereka wotero, ndipo dzina amamutcha lomwelo. Ndinawauza za thiraki ija. Ena anali ataiona pafoni, ndipo anayamba kundiyang'ana mwaulemu umene sindinaufune. Abambo aja anavula chipewa n'kupepesa, kenako anagula chimanga n'kutigawira ine ndi Eneresi. Ndinati asapepese, chifukwa zimene ananena ndimazinenanso ndekha ndikagwada. Pali masiku ndimathokoza Mulungu kuti anandipatsa mwana wosatha kuona mnzake akuvutika. Pali masiku ndimamufunsa chifukwa chake sanampatseko mantha pang'ono, ongokwanira kumubweretsa kunyumba.

Nthawi yonseyi Eneresi anali akukonola chimanga ndi chala. Kenako anafunsa, osakweza mawu, ngati pali amene wamuona mkazi uja.

Nambewe anafunsa kuti mkazi uti.

"Wa pachiyambi. Akamalumpha pawindo, pakhomo pamakhala pataima mkazi atanyamula mbale yovindikira. Amatsegula pakamwa, koma womasulira samupatsa mawu."

Panalibe amene anamuona. Inenso, ngakhale filimu inabwerezedwa kambirimbiri, maso anga ankathamangira pawindo limodzi ndi kamnyamatako. Eneresi anati iye anamuona ulendo woyamba, ndipo kuyambira pa Chimbiya sanayang'anenso china. Anati kadziwotche sadana ndi nyali ya m'nyumba, kungoti akaona moto waukulu kutchire amaiwala kuti m'nyumba mukuyakanso kanthu. "Ine ndine koloboyi chabe, amayi. Sindingapikisane ndi thiraki."

Ndinafuna kumutetezera mwana wanga. Koma ndinangomufunditsa Eneresi mpango wanga m'mapewa.

Kondakitala anabwera dzuwa litapendeka, atakoleka lamba m'khosi ngati mkanda. Atamanga tinakwera, injini inalira, kanema n'kuyaka. Ulendo uno basi yonse inali maso pakanema kufuna mkazi uja, chifukwa nkhani inali itafalikira mpaka kumipando yakumbuyo. Ndipo analipodi. Kamkazi kojambula, kovala zobiriwira, kataima pakhomo ndi mbale m'manja awiri. Kanaoneka kanthawi kochepa ngati kuphethira, pakamwa pakuyenda, womasulira ali kalikiliki kutamanda nsalu yofiira. Abambo achipewa anapukusa mutu. Nambewe anati mwina kumapeto amabwerera kukadya, tidikire tione. Koma pa Ntcheu tinaima, pa Chingeni tinaimanso, ndipo mapeto a filimuyo palibe anawaona.

Kuyambira pa Phalula kunja kunayamba kutentha, mitengo ya malambe n'kumaoneka. Ine mtima unali utanditsogolera kale. Ndinkadzifunsa ngati Lonjezo wanenepa kapena waonda, ngati akadali ndi kachipsera ka pachibwano. Ndinakonza duku, n'kusendeza mtolo wake pafupi ndi mapazi.

Ndinamuona basi isanaime. Anali ataima pamphambano pafupi ndi ogulitsa nsomba, waonda, wasunga ndevu, dzanja lamanja litakulungidwa nsalu yoyera mpaka m'chigongono. Njinga panalibe. Kondakitala anati basi iima pang'ono pokha, apolisi akangomaliza kuyang'ana katundu inyamuka. Tinatsika tonse awiri.

Lonjezo anagwada pafumbi pomwepo kundipatsa moni ndi dzanja lamanzere. Ndinamugwira kumutu, ndinamugwira m'masaya, kachipsera kaja kanali pompo pansi pa ndevu. Zonse zimene ndinakonza kumukalipira zinathawa. Ndinangoti mwana wanga, wadya? Anati dzanjalo silingagwire chiwongolero panopa, wabwera pa minibasi. Anati dalaivala wa thiraki uja ali moyo, ndipo mkazi wake anabwera ndi ana kudzathokoza atanyamula nkhuku. Ponena zimenezi nkhope yake inawala, ndipo ndisaname, inenso mtima unakoma.

Anatembenukira kwa Eneresi, anayang'ana mimba, n'kumwetulira mwamanyazi. Anati chipinda wachikonza, wagula ndi matiresi. Eneresi anamufunsa za dzanja, ngati likupweteka, ngati akumwa mankhwala. Kenako mawu a womasulira uja anamveka kuchokera pawindo la basi, chifukwa dalaivala anali atalizanso injini. Lonjezo anatukula mutu ngati mwana, n'kuseka, anati imeneyo ndi filimu yake, amaidziwa mawu onse kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

"Ndiye mundiuze," anatero Eneresi. "Mkazi uja amati chiyani?"

"Mkazi uti?"

"Wa pakhomo. Wa mbale."

Lonjezo anaganiza moona mtima, ndinamuona akufufuza m'mutu. Anati mufilimu imeneyo mulibe mkazi, mwina akusokoneza ndi ina.

Eneresi sanakwiye. Anamukonzera kolala ya malaya imene inapindika, n'kumuuza kuti azisamala dzanjalo lisalowe fumbi. Anati iye akakabereka, Lonjezo adzamva. Anati akadzamuona mkazi ameneyo, njira ya ku Phalombe ndi yosasowa. Anandigwadira pang'ono kutsanzika, n'kukwera basi pang'onopang'ono, dzanja lina pachitseko lina pamsana.

Hutala inalira. Lonjezo anali atanyamula kale mtolo wake ndi chikwama changa, akundiuza kuti minibasi ya ku Mwanza ili apo, tikafika kusanade, wandigulira ndi nsomba. Ndinamuyang'ana mwana amene ndinamulira zaka zonsezi. Ndinayang'ananso pawindo, pamene Eneresi anakhala yekha pampando wa anthu awiri, ulendo wa ku Blantyre ndi ku Phalombe ukadali patsogolo, miyendo yotupa, mtolo wolemera. Ndinanyamuka kwathu nditanena kuti ndikuperekeza, ndipo woperekeza mwana wa eni amakamusiya m'manja mwa eni ake.

Ndinamulanda chikwamacho. Ndinamuuza kuti nsombazo aziyanike, ndidzera konko pobwerera. Anati amayi, mwangofika kumene. Ndinati ndikudziwa, ndipo ndinakwera msanga ndisanasinthe maganizo.

Basi ikuwoloka mlatho wa Shire ndinasuzumira kumbuyo. Anali chiimire pamphambano paja, mtolo wa mtedza m'dzanja limodzi, pakamwa pakuyenda, koma mawu osamveka chifukwa cha injini. Nambewe anandipatsa kansalu kopukutira m'maso. Eneresi anatsamira paphewa langa, ndipo tisanafike pa Lirangwe anali atagona.

Ku Phalombe anandilandira ngati mlendo wa ulemu, Mulungu awadalitse asewere anga. Ndinakhalako pang'ono, kenako ndinabwerera, n'kutsika pa Zalewa monga ndinalonjezera. Ku Mwanza ndinamuphikira mwana wanga, ndinamuchapira, ndinamumanga bala, ndinamva anthu a pamsika akumutchula dzina lija mwachikondi. Ena anandiimitsa panjira kundithokoza kuti ndinabereka. Ngati kusasamala kwake kukulemera kuposa chifundo chake, ine sindidziwa. Sikelo imeneyo ili ndi Ambuye, ndipo ndimapempha kuti poyeza adzaikepo dalaivala uja ndi ana ake, adzaikeponso Eneresi.

Tsiku loti ndibwerere ku Ntchisi, ndinamupeza m'mawa atakhala pakhonde ndi foni ya mnzake. Anali ataipeza filimu ija. Sankaionera yonse. Ankangoti ikayenda pang'ono, n'kuibweza ndi chala cha dzanja lamanzere, ikayenda pang'ono, n'kuibwezanso. Ndinaima kumbuyo kwake ndi chikwama changa.

"Amayi," anatero osatembenuka, "mbale ija sanaiyang'ane n'komwe."

Ndinati eya, sanaiyang'ane.

Kenako anandifunsa kuti munthu akafika ku Limbe, za ku Phalombe amakwerera pati.